Dick Campbell ndi mpira wa anthu oweruka kuntchito ku Scotland

Munthu akatchula mpira wa ku Scotland, ambiri amathamangira kuganiza za Celtic ndi Rangers, matimu awiri a mumzinda wa Glasgow amene mbiri yawo inafika kutali. Komatu pansi pa zimphona ziwirizi pali matimu ambirimbiri amene osewera ake amayamba agwira ntchito ina tsiku lonse, kenako n'kumakakonzekera masewero madzulo. A Dick Campbell akhala mumpira wamtunduwu zaka zoposa 50, poyamba ngati wosewera, kenako ngati mphunzitsi. Mafunso ali m'munsiwa akulongosola za moyo wawo pampira komanso mmene mpira waganyu umayendera m'dzikolo.

Kodi a Dick Campbell ndi ndani?

Anabadwa pa 22 Novembala 1953 ku Dunfermline, m'chigawo cha Fife chakum'mawa kwa Scotland. Ndi mapasa, ndipo mnzawo wobadwa nawo ndi a Ian Campbell, amene agwira nawo ntchito limodzi m'matimu angapo. Awiriwa anakulira ku Hill of Beath, mudzi wa anthu okumba malasha womwe unatulutsanso akatswiri ena a mpira monga Jim Baxter wa Rangers ndi Scott Brown amene anakhala kaputeni wa Celtic.

Ochemerera mpira ku Scotland amawazindikira ali patali chifukwa cha chipewa chafulati chimene sachivula akakhala pambali pa bwalo, ndiponso chifukwa cha mawu awo omveka kuchokera golo ina mpaka ina. Sanasewerepo m'timu ya dziko lawo, sanatengeponso chikho chachikulu chilichonse. Ulemu umene ali nawo anaupeza potenga matimu a m'matauni aang'ono, opanda ndalama, n'kuwakweza kuchoka m'ligi yapansi kupita m'ligi yapamwamba, osati kamodzi kokha.

Kusewera mpira mwaganyu kumakhala bwanji?

Wosewera waganyu amasainira mgwirizano ndi timu ndipo amalandira malipiro, koma ndalamazo sizikwana kudyetsa banja. Choncho amakhala ndi ntchito yake yeniyeni: wina ndi mmisiri womanga nyumba, wina wokonza zamagetsi, wina mphunzitsi wa kusukulu, wina amagwira muofesi. Matimu ambiri otere amakumana madzulo awiri okha pa sabata kuti akonzekere, ndipo Loweruka masana amasewera.

Kulemera kwa moyo umenewu kumaoneka bwino m'nyengo yozizira. Mu Disembala ku Scotland kumada cha m'ma 4 koloko madzulo, kotero munthu amaweruka kuntchito kunja kutada kale, n'kuyendetsa galimoto mtunda wautali kukathamanga pamphepo ndi mvula, mawa lake n'kulawiriranso kuntchito. Masewero akaikidwa pakati pa sabata, ayenera kupempha abwana ake kuti aweruke msanga. Akathyoka mwendo pabwalo, sataya mpira wokha ayi: mmisiri amene sangathe kukwera makwerero sangagwirenso ntchito imene imam'patsa chakudya.

Waganyu ndi wosiyana ndi wosewera mongodzipereka, amene salandira malipiro n'komwe. Timu yakale kwambiri ku Scotland, Queen's Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1867, inakana kulipira osewera ake kwa zaka zoposa 150, mpaka mu 2019 pamene mamembala ake anavomereza kusintha.

N'chifukwa chiyani matimu otere ndi ochuluka chonchi ku Scotland?

Dzikoli lili ndi anthu pafupifupi 5.5 miliyoni, koma bungwe loyendetsa ligi la SPFL lili ndi matimu 42, ogawidwa m'maligi anayi. Ligi yaikulu ya Premiership ili ndi matimu 12, ndipo yachiwiri ya Championship, yachitatu ya League One ndi yachinayi ya League Two ili ndi matimu 10 iliyonse. Ndalama zambiri za wailesi yakanema, za makampani othandiza ndi za pakhomo zimathera m'ligi yaikulu, makamaka kwa Celtic ndi Rangers. Chiyambire 1985, pamene Aberdeen ya a Alex Ferguson inatenga ligi, palibe timu ina kupatula ziwirizi imene yakhalapo akatswiri a dzikolo.

Kumunsi zinthu n'zosiyana. Chigawo cha Angus chokha chili ndi matimu anayi akale, Arbroath, Montrose, Forfar Athletic ndi Brechin City, m'matauni oyandikana amene anthu ake ndi ochepa. Timu imene pamasewero ake pamabwera anthu mazana angapo singathe kulipira anthu 20 malipiro okwanira mwezi ndi mwezi. Njira yoti ikhalebe ndi moyo ndi kulemba osewera aganyu.

Mpira umenewu ndi umene unalera ena mwa anthu otchuka kwambiri a dzikolo. A Jock Stein ankakumba malasha pamene ankasewerera Albion Rovers, ndipo mu 1967 anatsogolera Celtic kutenga chikho cha European Cup, timu yoyamba ya ku Britain kuchita zimenezi. A Ferguson ankaphunzira umisiri wa zitsulo m'fakitale ali wosewera wachinyamata, ndipo uphunzitsi anauyambira ku East Stirlingshire mu 1974. Andy Robertson anasewerera Queen's Park m'ligi yachinayi asanapite ku Dundee United, Hull City ndi Liverpool, komwe anatenga Champions League mu 2019.

Nanga a Campbell anasewera kuti?

Ankasewera kumbuyo, kutchinga omwetsa zigoli a timu ina. Anayamba ku Cowdenbeath chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, n'kupita ku Dunfermline Athletic, kenako ku Ross County yomwe panthawiyo inali isanalowe m'ligi ya dziko lonse ndipo inkasewera mu Highland League. Anaseweranso kanthawi ku East Stirlingshire, koma zaka zambiri anazithera ku Brechin City. Kumeneko mbale wawo Ian, yemwe ankasewera kutsogolo, anakhala womwetsa zigoli zochuluka kuposa wina aliyense m'mbiri ya timuyo.

Bwalo la Brechin la Glebe Park n'lodziwika chifukwa mbali imodzi mulibe mipando yambiri koma mpanda wa zitsamba zodulidwa bwino. M'mabwalo otere, momwe wochemerera amatha kuyankhula ndi wosewera mpira uli mkati, ndi momwe a Campbell anaphunzirira khalidwe la anthu amene pambuyo pake anadzawatsogolera.

Uphunzitsi anauyamba bwanji?

Anayamba ndi kanthawi kochepa ku Cowdenbeath mu 1987, koma dzina lawo linayamba kumveka pamene anakhala wachiwiri kwa a Bert Paton ku Dunfermline Athletic m'zaka za m'ma 1990. Mu Januwale 1996 timuyo inagwidwa ndi chisoni chachikulu pamene kaputeni wake wokondedwa, Norrie McCathie, anamwalira mwadzidzidzi kunyumba kwake. Osewera ndi aphunzitsi anagwirana manja m'chisonimo, ndipo pakutha pa nyengo yomweyo anatenga ligi yachiwiri n'kulowa m'ligi yaikulu.

A Paton atatula pansi udindo mu Januwale 1999, a Campbell ndiwo anatenga timuyo. Zinthu sizinayende: Dunfermline inatuluka m'ligi yaikulu, ndipo chaka chisanathe iwonso anachoka. Mu 2000 anabwerera ku Brechin City ngati mphunzitsi wamkulu, ndipo apa ndi pamene luso lawo lenileni linaonekera. Mu 2002 Brechin inatenga ligi yachinayi. Chaka chotsatira inamaliza pa nambala yachiwiri m'ligi yachitatu n'kukweranso. Inabwerera pansi mu 2004, koma pamene a Campbell ankachoka mu Januwale 2005 anaisiya m'manja mwa a Ian, amene anamaliza nyengoyo potenga ligi yachitatu.

Anakafika bwanji ku Forfar ndi ku Arbroath?

Kuchoka ku Brechin anapita ku Partick Thistle ya ku Glasgow, timu yaikulupo yomwe inali pamavuto. Sanathe kuipulumutsa kuti isatsike mu 2005, koma mu 2006 anaikwezanso kudzera m'masewero achipulula olimbirana kukwera ligi, atagonjetsa Peterhead pamapenate. Anachotsedwa ntchito mu 2007. Chaka chomwecho analembedwa ku Ross County, ndipo patangotha miyezi yochepa anachotsedwanso ngakhale timuyo inali pamwamba pa ligi yachitatu.

Mu 2008 anatenga Forfar Athletic, yomwe inali itangomaliza kunsi kwenikweni kwa ligi yachinayi. Mu 2010 anaikweza kupita m'ligi yachitatu, ndipo timu imene anaigonjetsa m'ndime yotsiriza ya chipulula inali Arbroath. Mu Ogasiti 2013 Forfar inatulutsa Rangers m'chikho cha League Cup ndi zigoli 2 kwa 1, zonse ziwiri zomwetsedwa ndi Gavin Swankie, chachiwiricho m'nthawi yowonjezera. Ana aamuna awiri a a Campbell, Ross ndi Iain, anasewera pansi pa bambo awo m'timu imeneyi. Mu 2015 Forfar inatsala pang'ono kulowa m'ligi yachiwiri koma inagonja kwa Alloa Athletic, ndipo mu Disembala chaka chomwecho a Campbell anachotsedwa ntchito atakhalako zaka zoposa 7.

Mu Malichi 2016 Arbroath inawaitana ili chakumunsi kwa ligi yachinayi. Mu 2017 inatenga ligi imeneyo, ndipo mu 2019 inatenganso ligi yachitatu.

Arbroath ndi timu yotani?

Arbroath ndi tauni ya asodzi m'mphepete mwa nyanja ya North Sea, yodziwika ndi nsomba zake zowamba ndiponso ndi kalata ya mu 1320 yotchedwa Declaration of Arbroath, momwe akuluakulu a Scotland anatsindika za ufulu wa dziko lawo. Timu ya mpira imatchedwa Red Lichties, ndipo bwalo lake la Gayfield lili pafupi kwambiri ndi madzi moti mphepo ya panyanja imatha kukhotetsa mpira uli m'mwamba. Matimu obwera amadana nalo bwaloli m'miyezi yozizira.

M'mabuku a mbiri ya mpira, Arbroath imakumbukiridwa ndi masewero a mu Seputembala 1885 pamene inathibula Bon Accord ndi zigoli 36 kwa duu m'chikho cha Scottish Cup. Koma kwa zaka zambiri a Campbell asanabwere, inkangozungulira m'maligi awiri apansi.

Chinachitika n'chiyani m'nyengo ya 2021 mpaka 2022?

Nyengo imeneyi ndiyo inapangitsa kuti ngakhale anthu a kunja kwa Scotland amve dzina la a Campbell. Mwa matimu 10 a mu Championship, Arbroath yokha ndiyo inali ya osewera aganyu. Inkalimbana ndi matimu monga Kilmarnock, Inverness Caledonian Thistle, Partick Thistle ndi Dunfermline Athletic, amene osewera awo ntchito yawo inali mpira wokhawokha m'mawa uliwonse. Ambiri ankayembekeza kuti ikhala ikulimbana kuti isatsike. M'malo mwake inakwera pamwamba pa ligi chakumapeto kwa 2021 n'kukhalapo masabata ambiri. Inagonjetsa Kilmarnock 1 kwa duu kwawo ku Rugby Park, n'kuigonjetsanso chimodzimodzi ku Gayfield. Michael McKenna anamaliza nyengoyo ali womwetsa zigoli zambiri m'ligi yonse.

Nkhani inakathera ku Rugby Park pa 22 Epulo 2022, kutatsala sabata imodzi kuti ligi ithe. Arbroath inayamba kugoletsa kudzera mwa James Craigen, ndipo kwa nthawi yaitali zinkaoneka kuti timu ya anthu oweruka kuntchito ili panjira yolowera m'ligi ya Celtic ndi Rangers. M'chigawo chachiwiri Ash Taylor anabweza chigolicho, ndipo nthawi itatsala pang'ono kutha Blair Alston anamwetsa chachiwiri. Kilmarnock inatenga ligi, n'kumaliza ndi mapointi 67 pamene Arbroath inali ndi 65.

Mwayi wina unatsala m'masewero achipulula. Arbroath inakumana ndi Inverness kawiri, ndipo konse kuwiri palibe anaona golo ya mnzake. Ku Gayfield, Inverness inamaliza ndi osewera 9 okha awiri atapatsidwa makhadi ofiira, koma inapirira mpaka kukapambana pamapenate. Kugonja kumeneku kunawawa, komabe malo achiwiri amene Arbroath inapeza anasonyeza kuti kusiyana kwa ndalama sikulamula zonse pabwalo.

Kodi kuphunzitsa osewera aganyu kumafuna luso lanji?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya a Campbell. Mphunzitsi wa timu yaikulu amakhala ndi osewera ake tsiku lililonse, ndipo wosewera akachita matama akhoza kumuopseza ndi malipiro kapena kumugulitsa. Mphunzitsi wa aganyu amaona anyamata ake maola ochepa pa sabata, atatopa kale, ndipo aliyense wa iwo akhoza kusiya mpira mawa osagona ndi njala. Munthu wotere sungamukakamize. Amabwera chifukwa akufuna, ndipo amakhalabe chifukwa akusangalala ndi anzake komanso akukhulupirira amene akumutsogolera.

Chifukwa cha kuchepa kwa nthawi, mphunzitsi sangaphunzitse njira zambiri zovuta. Ayenera kusankha kaseweredwe komveka bwino kwa aliyense n'kukabwereza mpaka kalowe m'magazi. Ayeneranso kusunga osewera omwewo zaka zambiri, poti kudziwana kumene matimu aakulu amakupeza pokonzekera tsiku ndi tsiku, timu yaganyu imakupeza pokhalira limodzi nthawi yaitali. Ku Arbroath otchinga kumbuyo monga Ricky Little ndi Thomas O'Brien anasewera limodzi kuchokera m'maligi apansi mpaka mu Championship. Bobby Linn, yemwe masana ankagwira ntchito yotolera zinyalala ku Dundee, anasankhidwa ndi osewera anzake kukhala wosewera bwino kuposa onse mu League One mu 2019.

Luso lina ndi kudziwa anthu. Popanda ndalama zogulira osewera, mphunzitsi amadalira amene atayidwa ndi matimu aakulu ndi amene angabwerekedwe kwa miyezi ingapo. Joel Nouble, wobwerekedwa kuchokera ku Livingston, anathandiza kwambiri m'theka loyamba la nyengo ya 2021 mpaka 2022. Kuti timu yaikulu ikubwereke mwana wake, iyenera kukhulupirira kuti ukamusamalira, ndipo chikhulupiriro chotere chimamangidwa kwa zaka zambiri. A Campbell sanagwire ntchitoyi okha: a Ian anali wachiwiri wawo, ndipo a Rab Douglas, amene anakhalapo goloboyi wa Celtic ndi timu ya dziko la Scotland, ankaphunzitsa magoloboyi.

Kodi alibe zofooka?

Ali nazo, ndipo n'zodziwika. Ndi munthu wosachedwa kupsa mtima ndi oyimbira masewero. Kangapo alangidwapo poletsedwa kukhala pambali pa bwalo, ndipo mu 2018 analowa m'bwalo masewero a Arbroath ndi Ayr United ali mkati kukatsutsa chiganizo cha woyimbira. Khalidwe limeneli silithandiza timu, ndipo si chitsanzo chabwino kwa achinyamata.

N'zoonanso kuti m'matimu aakulupo monga Dunfermline, Partick Thistle ndi Ross County sanakhalitse. Ngakhale ku Arbroath mapeto sanali okoma. Timu ija ya mu 2022 inayamba kukalamba ndi kumwazikana, zotsatira zinayamba kuipa, ndipo mu Novembala 2023, itatulutsidwa mu Scottish Cup ndi The Spartans ya m'ligi yachinayi, a Campbell anachoka pamodzi ndi owathandiza. Pakutha pa nyengoyo Arbroath inatsika kupita mu League One.

Bwanji matimu otere sangoyamba kulipira osewera mokwanira kuti asiye ntchito zina?

Chifukwa choyamba ndi osewera eniake. Munthu amene ali ndi ntchito yokhazikika, n'kumalandiranso kangachepe kumpira, nthawi zambiri amapeza bwino kuposa mnzake wodalira mpira wokha m'ligi yachiwiri, yemwe mgwirizano wake umatha chaka ndi chaka. Timu ikanena kuti aliyense asiye ntchito, akatswiri ake ena amasankha kuchoka.

Chifukwa chachiwiri ndi chiopsezo cha ngongole. Anthu a mpira ku Scotland saiwala za Gretna, timu ya m'tauni yaing'ono ya kumalire ndi England. Ndi ndalama za mpondamatiki mmodzi, a Brooks Mileson, inakwera maligi atatu motsatizana, inafika m'ndime yotsiriza ya Scottish Cup mu 2006, n'kulowa m'ligi yaikulu mu 2007. Mwini ndalamayo atadwala ndipo thandizo litaima, timuyo inatheratu mu 2008.

Ngakhale kukhala waganyu sikuteteza timu ku mavuto onse. Kuyambira mu 2015, timu yomaliza kunsi kwa League Two imalimbana ndi katswiri wa Highland League kapena Lowland League, ndipo ikagonja imatuluka mu SPFL. Matimu atatu amene a Campbell anawasewerera anatuluka mwa njira imeneyi: East Stirlingshire mu 2016, Brechin City mu 2021 ndi Cowdenbeath mu 2022. Izi zikusonyeza kukula kwa ntchito imene anagwira ku Forfar ndi ku Arbroath, matimu amene anawapeza ali chakumunsi kwa ligi yomweyo.

Ndiye ntchito yawo tiiyeze ndi muyeso wanji?

Atachoka ku Arbroath ali ndi zaka 70, ambiri ankaganiza kuti apuma. Koma mu 2024 anatenga East Fife ya m'chigawo cha kwawo, ndipo mu 2025 anaikweza kupita mu League One kudzera m'masewero achipulula. Tikawerenga, akweza matimu ngati mphunzitsi wamkulu mu 2002, 2003, 2006, 2010, 2017, 2019 ndi 2025, ndipo matimuwo ndi asanu osiyanasiyana.

Amene amayeza mphunzitsi ndi zikho zikuluzikulu zokha sangaone kanthu m'mbiri imeneyi, koma muyeso wotero umasiya kunja mbali yaikulu ya mpira. M'tauni ngati Brechin, Forfar kapena Arbroath, timu ndi malo amene agogo, makolo ndi ana amakumana Loweruka, ndipo imayenda chifukwa cha anthu ongodzipereka ogulitsa matikiti, osesa bwalo ndi ochapa yunifolomu. Timu ikamachita bwino, ana a m'taunimo amavala malaya ake m'malo mwa a Celtic kapena Rangers, pakhomo pamalowa ndalama, ndipo timuyo imapeza mphamvu zokhalira zaka zina kutsogolo. Mphunzitsi amene angachititse zimenezi ndi anthu amene m'mawa anali pa ntchito yomanga kapena yotolera zinyalala ali ndi luso losowa, ndipo ayenera kuwerengedwa pakati pa aphunzitsi abwino amene Scotland yatulutsa.